Mawu Enieni a Bambo Chikapa

"Mayi, kodi wailesi ingakonze mawu a munthu?" anandifunsa Lameki wokonza mawailesi, yemwe ndinkamusungira zida pakhonde mvula ikamagwa.

A Chikapa, eni shopu imene Lameki ankachita lendi, anali atajambulitsa nyimbo zawo pa CD. Anamuuza kuti, "Wailesiyi ikundiwonongera mawu. Uisinthe zam'katimo, ukalephera usamuke."

Lameki anawotcherera timawaya tiwiri, n'kulowetsamo mwakachetechete CD ya amuna anga, omwe a Chikapawo anawachotsa m'kwaya.

Anaiyatsa kwaya yonse ilipo.

"Mwamvatu? Mawu anga enieni ndi amenewa," anatero a Chikapa.

"Ndiye Lamulungu mudzatiimbire chomwechi, bambo," anayankha mayi wina akumwetulira.

Lamulungulo a Chikapa anadzuka ndi chifuwa, moti nyimbo anatsogolera ndi amuna anga. Lameki akadali m'shopumo. Zoti kunali kundithokoza chifukwa cha khonde lija sanazitchulepo.