Mzere wa Nasimango

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali mayi wina, dzina lake Nasimango. Khalani pansi mumve, inu amene dzulo munapirikitsa okunkha m'munda ndi agalu. Mumayesa sindimva? Ndamva, ndipo mtima wanga ukuwira mpaka pano.

Nasimango anabwera kuno chitengwa, kutsata mwamuna wake Yotamu Kachigamba, mkulu wa mpingo. Yotamu anali mlimi, zimenezo sitingamumane. Kupemphera ankapempheranso, pemphero lalitali loti miyendo mpaka kuchita dzanzi. Koma dzanja, ana inu, dzanja lake linali louma gwa!

Masiku amenewo munthu akatha kukolola, munda sunalinso wake yekha. Chimanga chogwera pansi, chobisala m'mapesi, chinali cha okunkha: amasiye, nkhalamba, alendo opanda munda. Panalibe zopempha chilolezo. Ukangoona mwini munda wasenza dengu lomaliza, iwe n'kulowa.

Chaka china kunafika mayi wina wochokera kuseri kwa mapiri, dzina lake Ndaona. Mwamuna wake anafera m'njira. Anafika ndi ana awiri, kamtsikana kotchedwa Lekeleni ndi khanda kumsana. Anafika dzinja lili pakati, nthawi yodzala itapita kale. Akanalima chiyani? Anangokhalira maganyu ndi masamba a m'tchire, maso ali ku masika, kudikira tsiku lokunkha.

Tsono kutchalitchi kunali Sabata la masika. Banja lililonse linkabweretsa zokolola kutsogolo, mphunzitsi n'kumatchula maina. Yotamu anafuna kuti dengu lake lipose onse, koma nkhokwe yake isatsike ngakhale pang'ono. Mukudziwa chimene anachita? Anakunkha yekha m'munda mwake! Mkulu wa mpingo, ndevu zonsezo, kukwawa m'mapesi kutola tichimanga ta amasiye. Anatola, anatola, anatola, dengu tho! Atatha anayatsa moto.

"Abambo, mwaotcheranji munda anthu asanakunkhe?" anafunsa Nasimango.

"Ndikufuna kusosa msanga," anatero Yotamu. "Ulesi ndi umene umachulukitsa okunkha."

Amuna ena ataona utsi m'munda mwa mkulu wa mpingo anati, ngati a Kachigamba atero ndiye kuti si tchimo. Nawonso anakunkha okha, nawonso anayatsa. Sabata imodzi yokha, minda yonse inali phulusa. Ndaona anayenda munda ndi munda ndi dengu lake, nabwerera miyendo ili bii, dengu lili mbee.

Nasimango ankamupatsira ufa mobisa, pang'onopang'ono m'kansalu. Yotamu atazindikira anayamba kutapa yekha chimanga m'nkhokwe. Mwamuna kuyeza chimanga cha mkazi wake ndi kambale, munaziona kuti? Mabere a Ndaona anauma. Lachisanu khanda lija linatisiya.

Anasambitsa mtembo ndani? Nasimango. Kanali kopepuka ngati nkhuku yonyowa. Nanga anapemphera kumanda ndani? Yotamu! Pemphero lalitali lomwe lija, mawu onjenjemera, kunena za Mulungu wodyetsa mbalame. Nasimango anangoluma mano, osatsinzina n'komwe.

Lamulungu linafika. Madengu anandanda kutsogolo, mphunzitsi nayamba kutchula maina. Atafika pa dengu lalikulu lija anati, "A Yotamu Kachigamba!" Anthu anang'ung'udza mosirira. Pamenepo Nasimango anadzuka kumbali ya amayi. Kumbukirani, nthawi imeneyo mayi sankatsegula pakamwa m'tchalitchi pokhapokha poimba. Iye anayenda mpaka kutsogolo, napinda nkhata, nagwira dengu.

"Mayi, khalani pansi," anatero Yotamu. "Muno ndi m'nyumba ya Mulungu."

"N'chifukwa chake ndikulitulutsa. Muno simulowa zakuba."

"Ndabera yani? Munda ndi wanga!"

"Munda ndi wanu, abambo, koma chogwera pansi si chanu. Si inu nomwe munatiwerengera m'Buku Lopatulika kuti zotsala m'munda tizisiyira mlendo ndi wamasiye? Mwalanda chakudya pakamwa pa mwana, dzana mwamuika m'manda, lero mwabwera nacho kudzapatsa Mulungu. Mulunguyo ali ndi njala? Wanjala ali panjapo, pansi pa mtengo, akuopa kulowa chifukwa alibe chobweretsa!"

Mphunzitsi anangoyang'ana m'buku la nyimbo ngati muli yankho. Yotamu analoza mkazi wake ndi chala.

"Mukatuluka nalo dengulo, kunyumba kwanga musapondenso."

Mukumva kulemera kwake? Mayi wa chitengwa, kwawo kutali, ana ake ali pano, munda wake uli pano. Akanati alisiye dengulo, palibe akanamuseka. Koma iye anangoti, "Ndamva." Kenaka anatembenukira kwa amayi anzake. "Wina anditwike."

Poyamba palibe anasuntha. Kenaka nkhalamba ina, amene nayonso inabwerera chimanjamanja m'minda yaphulusa ija, inadzuka n'kumutwika. Nasimango anatuluka, khosi lili njo, nakatula dengu pamapazi pa Ndaona.

"Ichi ndi chanu, mayi. Sindikukupatsani ayi, ndikukubwezerani. Chachedwa, mutikhululukire."

Ndaona anatenga chimanga chimodzi n'kupatsa Lekeleni, mwanayo n'kuyamba kukukuta chouma chomwecho. Amayi amene anasuzumira pakhomo ataona zimenezo analira. Mmodzimmodzi anabwerera m'kati, aliyense kukasenza dengu limene mwamuna wake anakunkha, n'kulitulutsira okunkha. Amuna anatsala pamipando, mitu ili pansi.

Musaganize kuti zinathera pokoma. Yotamu anasunga mawu ake. Nasimango anagona m'kanyumba kodontha ka Ndaona mpaka mvula yoyamba, ndipo akuluakulu a mpingo anamuletsa kudya Mgonero wa Ambuye miyezi ingapo, ati chifukwa chosokoneza mapemphero. Iye ndiye wosokoneza! Woba anakhalabe pampando wake wa kutsogolo. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Kupepesa Yotamu sanapepese, pakamwa pake panali pouma ngati dzanja lake. Anangotuma ankhoswe kuti mayi abwerere. Nasimango anati, "Kamuuzeni, ndibwera akalonjeza kuti mzere wa kumalire sadzaukolola." Chaka chotsatira mzere umenewo unaima ndi chimanga chake, ndipo moto sunayake mpaka wokunkha womaliza atatuluka. Kuyambira pamenepo, pamtundu pathu timasiya mzere wa kumalire. Ndiwo mzere wa Nasimango.

Ndiye inu dzulo mwati chiyani? Mwati okunkha ndi akuba, feteleza wadula. Mwakolola mpaka kumalire, mwamasula agalu, Lamulungu likubwerali mukavala zoyera kukaimba kwaya. Simuchita manyazi?

Lekeleni uja, kamtsikana kokukuta chimanga chouma panja pa tchalitchi, kanakula ndi dengu limenelo. Kanadzakwatiwa ndi mwana wa Nasimango, n'kubereka agogo anga. Nonse mwakhala apanu munatuluka m'mimba imeneyo. Dengu lija likanatsala kutsogolo kwa tchalitchi, bwenzi pano palibe ndi mmodzi yemwe.

Mawa kukacha mutenge madengu, mutape m'nkhokwe chimanga cha mzere umenewo, mukawafunefune anthu munapirikitsa aja. Ndipo mukafika musakanene kuti mwawapatsa. Mukanene kuti mwabweza.