Nyumba ya Esinala Inali Yomaliza

Kalekale, muno m'Malaini mwathu, msewu wa tala usanafike, munali mayi wina dzina lake Esinala Nankhoma. Ameneyo ndiye agogo awo a mayi anga, ndipo ena mwa inu mwakhala apanu ndinu mbewu yake. Anali wamasiye, ntchito yake yochapa zovala za anthu olemera a kumtunda kwa tauni. Nyumba yake inali kumapeto kwa mzere, yomwe anamusiyira bambo ake, mmodzi mwa anthu oyamba amene anabwera kudzayala njanji.

Kodi mukuyesa kuti nyumba za m'Malaini zinali ngati mukugonamozi? Ayi ndithu. Zinali za zidina, njerwa zosawotcha, zakale kuposa eni ake. Makoma ming'alu yokhayokha, malata adzimbiri opanikizidwa ndi miyala. Mvula ikayamba, anthu ankatchera mabeseni pakati pa nyumba, maso ali kukhoma.

Tsono chaka china, dzinja lili kumapeto, khoma la nyumba ya Che Jafali, telala wa m'Malaini, linagwa n'kuthyola mwendo wa akazi awo. Mbiri inafika kwa akuluakulu a tauni. Sabata isanathe kunabwera mkulu woyendera nyumba, chitini cha penti wofiira chili m'manja. Chitseko ichi mtanda, chitseko icho mtanda, mpaka mzere wonse kutha. Ananena kuti pa tsiku loyamba la Novembala nyumba zonse zidzagwetsedwa, anthu n'kusamutsidwira kuseri kwa phiri, ulendo wa maola atatu wapansi, kopanda chitsime, kopanda msika.

Amuna onse analipo, koma Esinala ndiye anayandikira.

"Bwana, nanga nyumba ikakhala yolimba, mudzaigwetsabe?"

Mkuluyo anamuyang'ana n'kuseka pang'ono. "Mayi, ndikadzapeza njerwa zowotcha, denga labwino ndi chimbudzi, mtandawo ndidzaufufuta ndi dzanja langa. Koma zimenezo mudzazitenga kuti?"

Adzazitenga kuti? Funso limenelo linamulowa Esinala ngati munga. Akamachapa linali pomwepo, akamadya linali pomwepo. Ankaganiza za manda a bambo ake ndi a mwamuna wake kutsidya kwa dambo. Ankaganiza za ana ake awiri, kuti kuseri kwa phiriko adzawadyetsa chiyani, poti kumeneko kunalibe munthu wochapitsa zovala. Ndipo anthu anali atayamba kale kuthawa. Mabanja asanu ndi limodzi anazula malata awo n'kupita, nyumba zawo n'kusanduka mabwinja osewereramo mbuzi. Zinatsala nyumba makumi awiri.

Kudambo kumene ankachapirako kunali dothi lamakande, lomata kuphazi. Tsiku lina Esinala anatapa dothilo m'mbale n'kupita nalo kwa a Ziyaya, nkhalamba imene inagwirapo ntchito yomanga pa mishoni msana usanawavute. A Ziyaya analifinya, analinunkhiza, n'kunena kuti dothi limenelo ndi njerwa. Anatinso anthu onse atagwirizana, kanyumba ka zipinda ziwiri kangathe masiku khumi, malata akale n'kuwawongola ndi kuwamata. Esinala anawerenga ndi zala. Nyumba makumi awiri, masiku khumi khumi. Nthawi inali yongokwanira, yopanda tsiku lodwala, yopanda tsiku la maliro.

Anayenda khomo ndi khomo, khomo ndi khomo. Ena anamuseka, ena anati za boma sapikisana nazo, koma mantha a kuseri kwa phiri anawasonkhanitsa. Pa msonkhanopo, mukudziwa chimene chinavuta? Si dothi ayi, si nkhuni ayi. Chinavuta n'chakuti nyumba yoyamba ikhale ya ndani. Aliyense ankafuna yake, poopa kuti akakhala kumapeto anzake adzatopa. Phokoso linakula mpaka ena anayamba kunyamula mipando yawo. Apo Esinala anaimirira.

"Yoyamba ikhale ya Che Jafali, poti akazi awo akugona pakhonde ndi mwendo wothyoka. Zinazo tizitsata mzere. Yanga ili kumapeto, ndipo idzakhala yomaliza."

Ponena mawuwo ankadziwa bwino chimene wachita. Koma anthu anakhalanso pansi.

Ntchito inayamba. Amayi kutunga madzi, amuna kuponda dothi akaweruka ku ntchito, a Ziyaya atakhala pa mpando akulozera ndi ndodo. Anaumba, anayanika, anamanga uvuni. Koma uvuni woyambawo unawachita chipongwe. Nkhuni zinachepa, moto unazima msanga, ndipo atafumula anapeza njerwa zikufumbutuka m'manja ngati chigumu. Masabata atatu anapita pachabe. Esinala anaima pa mulu wa njerwazo, osafuna kuti anthu amuwone nkhope. M'mawa mwake anali woyamba kutenga nkhwangwa kupita kuphiri. Uvuni wachiwiri unapsa bwino. A Ziyaya anagundanitsa njerwa ziwiri, zinalira kuti ngwee, ndipo amayi analulutira.

Nyumba ya Che Jafali inatha. Yachiwiri inatha, yachitatu, yachinayi. Banja likagumuliridwa nyumba yake yakale linkagona kwa anzawo mpaka yatsopano ifoleredwe. Malaini anayamba kusintha nkhope, anthu odutsa pa njanji n'kumaima kuti aone.

Koma mverani tsono. Munthu akagona m'nyumba yosadontha amaiwala msanga. Poyamba kudambo kunkafika anthu makumi anayi. Nyumba khumi zitatha kunkafika makumi awiri. Uyu ati msana, uyu ati akudwazika kumudzi, uyu ati abwana sakumulola. Ngakhale Che Jafali, amene anamangiridwa koyambirira, anabwerera pa makina awo, akuti zosoka zawachulukira. Esinala ankawerenga mitu m'mawa uliwonse, n'kuwerenganso masiku otsala, ndipo ziwirizo sizinkagwirizana. Nyumba ya masiku khumi inayamba kutenga masiku khumi ndi anayi. Sanakalipire munthu. Ankangodutsa pamakomo ndi chikombole chake choumbira njerwa pamutu, akupereka moni, anthu n'kumayankhira m'kati.

Okutobala anafika ndi kutentha kwake, mitambo ikusonkhana kuphiri madzulo aliwonse. Esinala anaonda, manja anang'ambika, zochapa zina anazitaya chifukwa chosowa nthawi. A Ziyaya anamulangiza kuti adumphe mzere amange yake, poti palibe akanamunena. Iye anakana. Anati akatero, mabanja awiri otsalawo adzaona kuti ngakhale mwini mawu wathawa mawu ake.

Nyumba ya khumi ndi chisanu ndi chinayi inafoleredwa kutatsala masiku anayi. Anagumula ya Esinala, anthu asanu ndi awiri okha, n'kuyamba kuyala njerwa. Tsiku loyamba la Novembala linawapeza khoma lili m'chiuno.

Galimoto ya mkulu uja itamveka kumsewu, anthu onse anatuluka. Pamenepo ndi pamene anaona kuti nyumba ya Esinala sinathe. Anathamanga, wina ndi njerwa, wina ndi ndowa ya matope, Che Jafali ndi tepi yawo ikadali m'khosi. Koma kodi nyumba imamangidwa mlendo ali pakhomo?

Mkuluyo anayenda mzere wonse, akugogoda makoma, akusuzumira zimbudzi, akupala mitanda pa zitseko monga analonjezera. Atafika kumapeto anaima.

"Mayi, si inu munandifunsa funso lija?"

"Ndine, bwana."

"Nanga yanu ili kuti?"

Esinala analoza khoma la m'chiunolo. Anthu anapempha masiku asanu, anapempha atatu. Mkuluyo sanali munthu wankhanza, koma anati mapu ajambulidwa kale, ndipo malo alionse opanda nyumba yofolera pa tsikulo adutsapo msewu. Iye analibe mphamvu yosintha.

Palibe amene anatha kuyang'ana mnzake. Esinala anafunsa kamodzi kokha.

"Koma Malaini atsala?"

"Atsala, mayi."

Esinala anagwedeza mutu n'kukhala pa njerwa zake.

Sabata yomweyo, popanda wowaitana, anthu anasamutsa njerwazo n'kumanga chipinda chophatikiza ku nyumba ya Che Jafali. Anachimaliza masiku atatu okha, ana inu, masiku atatu amene akanapulumutsa malo a bambo ake. Esinala anakhala m'chipinda chimenecho zaka khumi ndi chimodzi, n'kumwalira momwemo. Sanamvekepo akudandaula, koma Che Jafali mpaka imfa yawo sankatha kudutsa kumapeto kwa mzere osaweramitsa mutu.

Msewu uwo mumayendamo popita kumpopi, pamenepo ndiye panali pakhomo pa agogo anu. N'chifukwa chake muno m'Malaini, tikagwirizana ntchito, kaya ndi ngalande, kaya ndi denga la mnzathu, amene wathandizidwa koyamba ndiye amafika m'mamawa kuposa onse, ndipo amachoka pomaliza. Yako ikatha usasambe m'manja. Yang'ana kaye kumapeto kwa mzere, uone amene akadali panja.