Zala za Achimwene pa Galasi

Achimwene ake atamwalira, mnyamatayo anasiya koleji n'kumangoswera m'kachipinda kawo kogwiriramo ntchito. Patebulo panali makina omwe malemuwo ankaseweretsa akaweruka. Makinawo amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumaumba kanthu, mzere pamwamba pa mzere, pagalasi lotentha. Pagalasipo panatsala zidindo za zala zawo. Ukalipendeketsa padzuwa zinkaoneka bwinobwino, ngati mwini wake wangotuluka kumene.

Koma chilichonse chimene mnyamatayo ankaumba chinkakana kumata pagalasipo. Mzere woyamba unkagona bwino, kenaka ngodya n'kudzuka ngati chikhadabo chopunthwa. Anamanga ndi kumasula masikuluu apansi pa galasi, anachepetsa liwiro, koma ayi ndithu. Gwero lake ankalidziwa: mafuta a m'zala salola pulasitiki kugwira.

"Alamu," anatero mkazi wa malemu, "achimwene anu ankalitsuka ndi sopo. Tsukani. Apo ayi, lichotseni tilisunge m'sutikesi, muikepo lina."

"Linalo likhala la ndani? Ine ndikufuna kuumbira pomwe ankaumbira iwo."

"Ndiye tsukanitu."

"Malaya awo onse munachapa kale. Mwati tifufutenso izi?"

Mayiyo anatuluka.

Masana ake mnyamatayo anakweza kutentha mpaka pamapeto, natsitsa kamlomo ka makina kotulutsira pulasitiki mpaka kukhula galasi. Anayatsa makinawo kuti aumbe chinthu chachikulu, natseka chitseko, n'kupita kukagula buledi. M'chipinda choyandikana munagona khanda la malemu, mayi ake akuchapa kuseri kwa nyumba.

Pobwera, fungo linamuchingamira pachipata. Utsi wakuda unkatuluka pansi pa chitseko n'kumakwawira komwe kunagona mwana. Ndipo mwanayo sankalira. Mnyamatayo anakuwa.

"Alamu! Mwana!"

Mayiyo anathamanga thovu lili m'manja, nanyamula khandalo litalobodoka. Mnyamatayo anazimitsa magetsi, nakankha chitseko. Choumbidwacho chinali chitamatuka kalekale, makina n'kumachikoka uku akulavula pulasitiki, mpaka chimpukutu chonga chisa cha mavu chinakuta kamlomo ndi mawaya. Moto unali utayamba kunyambita katani. Anathamangira kuseri, natenga ndowa ya zochapa n'kudzakhuthulirapo. Madzi ozizira atagwera galasi lotentha, linangoti phwaa!

Panja panali zii. Mayiyo ankagwedeza mwana, kumuitana, kumuuzira kumaso. Kenaka khandalo linatsokomola n'kulira mokweza. Mayiyo anakhala pansi m'fumbi, osamuyang'ana n'komwe mlamu wakeyo.

Mnyamatayo anabwerera m'kachipindako n'kugwada m'madzi akuda. Anatola zidutswa za galasi chimodzichimodzi, kuzipendeketsa pawindo. Panali mwaye wokhawokha. Makina anali atapserera, zala za achimwene zitapita nawo limodzi. Akanasunga galasi, kapena akanalitsuka n'kupitiriza luso lawo, bwenzi chimodzi chilipo. Iye anafuna kubisala konsekonse, kuiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.