Dzina la a Kadzakumanja Linapita ndi Mphepo

Mwambi wa fodya uja mumaudziwa, ana inu, koma mwini wake simumudziwa. Anali Nangondo wa ku Bilila, mayi wamasiye wokonda fodya wamphuno. Mwamuna wake, a Kadzakumanja, anamusiyira ntchito yoluka mipando ya nsungwi, anthu oluka asanu, ndi dzina loti aliyense akalimva ankati pamenepo palibe chinyengo.

Pofuna kuti ogula akutali azimupeza, Nangondo anaganiza zotsegula webusayiti m'dzina la malemuyo. Tsono dzina la pa intaneti, lomwe amati domeni, siligulidwa ngati mbuzi. Umalilembetsa ku kampani yosunga mayina, ndipo chaka chikatha umalilembetsanso. Ukaiwala, wina amatola.

Amene anadzipereka kulembetsa dzinalo anali mkamwini wake, Lusiyano, wa pakamwa pa uchi. Anasankha yekha kampani, ndipo pamalo polemba mwini analembapo dzina lake ndi imelo yake. Nangondo ataona pepala lolembetsera dzinalo anakayikira. Koma mpongozi ndi mkamwini amapatukirana panjira. Akanamuyang'ana bwanji kumaso n'kumufunsa? Anatuma mwana wake, mkazi wa Lusiyanoyo.

"Felesiya, kawauze amuna ako asamutsire dzinalo kwa ine. Ndamva pali nambala yachinsinsi yosamutsira, andipatse."

Felesiya anabwerako maso ali pansi. "Amayi, akuti kodi mukuwayesa wakuba? Akuti iwonso ndi mwana wanu."

Manyazi anamugwira Nangondo, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo. Ulemu wina, ana inu, ndi wopweteketsa.

Chaka chachitatu banja la Felesiya ndi Lusiyano linatha. Ankhoswe anagawa mbale, mabulangete ndi njinga, koma za domeni palibe anatchula, poti sichinthu chogwirika ndi manja. Lusiyano analowera ku Joni. Makalata okumbutsa kulembetsanso dzina ankangogwera mu imelo yake, osawerengedwa.

Mafoni a ogula anayamba kuchepa, kenaka zii. Tsiku lina m'mawa m'busa wina amene ankagula mipando anaimba.

"Mayi Kadzakumanja, zolaula zili pa webusayiti yanuzi mwaziyamba liti?"

Felesiya atatsegula pafoni anagwira pakamwa. Dzina lija linali litagulidwa ndi munthu wosadziwika. Pansi pa dzina la bambo ake panali juga ndi zithunzi za anthu amaliseche. Nangondo anaimbira kampani ija.

"Dzinalo ndi la amuna anga! Manda awo ndikuwaona pano ndakhala!"

"Pepani mayi," anayankha wa kukampani. "Mwini anali bambo Lusiyano, ndipo nthawi yowombolera inadutsa. Inuyo sitikukudziwani."

Nangondo anakhala pansi pa mulu wa nsungwi. Anatapa fodya pachala kuti akhazike mtima, koma asanafike naye pamphuno kunabwera kamphepo n'kumuulutsa yense. Anayang'ana chala chija nthawi yaitali, misozi ikutsika. Zinamuwawa koposa tsiku la maliro, poti zinali ngati akuika mwamuna wake m'manda kachiwiri, ulendo uno m'matope. Ndipo anati:

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Tanthauzo lake ndi ili: chinthu chimene sunachigwiritse, ngakhale uchitche chako, sichili chako. Chikalembedwa m'dzina la wina, n'cha iyeyo, kaya akhale mbale wotani. Oluka aja anabalalika mvula isanagwe. Nangondo anamwalira akulukabe yekha, ndipo mpaka tsiku lomaliza mlendo akamufunsa kuti ndi mkazi wa yani, ankangowerama ndi manyazi.