Muzu wa ku China M'chiuno mwa Mkulu wa Mpingo

Panali munthu wina, mkulu wa mpingo, dzina lake Gwaza. Anadwala malungo nachira, koma chilakolako cha chakudya sichinabwerere. Anaonda mpaka jekete yake yopitira kutchalitchi inkaoneka ngati yobwereka.

Mkamwini wake anali wophikira anthu a ku China amene ankamanga msewu. Tsiku lina anabwera ndi muzu wouma, wotuwa, wokhala ndi timiyendo ngati kamunthu. Atakhala pansi chapatali, anafotokoza kuti eni akewo amati muzuwo ndi mankhwala, komanso ndi chokometsera ndiwo. Amadulako pang'ono nauphika pamodzi ndi nkhuku, ndipo wofooka amamwa msuzi wake. Anapempha kuti apongoziwo aupereke kwa amayi.

Gwaza anathokoza, koma mumtima anaseka. Mankhwala anji ophikira limodzi ndi anyezi? Chibadwire iye ankadziwa kuti muzu wamphamvu sulowa m'khitchini, ndipo mkazi sauona. Komanso nkhuku zake ankazikonda kwambiri zikakhala zamoyo. Choncho anaumanga ndi kachingwe nauvala m'chiuno, mkati mwa buluku, monga ankachitira agogo ake asanabatizidwe.

Muzu unakhala m'chiuno, ndipo chiuno chinapitiriza kuchepa. Mkazi wake, Nangondo, anamva zonse kwa mwana wake wamkazi, mkazi wa mkamwini uja. Anafunsa kamodzi kuti mkamwini anasiya chiyani. Gwaza anati anangosiya moni. Nangondo sanafunsenso.

Tsiku lina Lamulungu, Gwaza ananyamula mbale ya chopereka kupita nayo kutsogolo, akuyenda pang'onopang'ono monga ankaphunzitsira achinyamata. Kachingwe kaja kanali katakhwepa, pakuti kanasowa mnofu wogwira. Muzu unapulumuka, nutsika ndi mwendo wa buluku, nugwa pasimenti chagada, timiyendo tili m'mwamba.

Nyimbo inafera m'kamwa mwa anthu. Aliyense ankadziwa kuti Gwaza yemweyo ndiye ankatsogolera podula mumpingo ovala zithumwa. Ena mwa odulidwawo anali kumbuyo, ndipo anaimirira kuti aone bwino.

Abusa anafunsa mofatsa, “Bambo Gwaza, mwagwetsa chiyani?”

Gwaza anayang'ana muzu, nayang'ana mpando wake wa akulu ampingo.

Apo Nangondo ananyamuka kumbali ya amayi, natola muzuwo, naupukuta ndi nsonga ya chitenje. “Abusa, izi ndi ndiwo. Mkamwini anabweretsa kuti ndiwaphikire ndi nkhuku. Koma bambo athuwa anaona kuti mphika wabwino ndi buluku.”

Akulu ampingo anati mawu okha sakwanira: ngati ndi ndiwo, ziphikidwe, zidyedwe iwo akuona. Atatuluka m'tchalitchi, onse anapita kwa Gwaza. Tambala wamkulu anaphedwa. Nangondo anautsuka muzuwo mobwerezabwereza, ndipo palibe anamufunsa chifukwa chake.

Nkhuku itapsa, akuluwo analamula kuti mwini mlandu ayambe kumwa msuzi. Gwaza anamwa msuzi ndi mantha, kenaka anamwa ndi njala, kenaka anapempha chiwalo. Akuluwo analawa, nati umboni ukumveka koma ndi wochepa. Nkhuku yachiwiri inaphedwa.

Mpando wake sanamulande. Thupi nalo linabwerera, kaya chifukwa cha muzu kaya chifukwa cha nkhuku, pakuti kuyambira pamenepo khola linayamba kuchepa m'malo mwa chiuno. Koma mpaka imfa yake, akamapita kutsogolo ndi mbale, mpingo wonse unkayang'ana kumapazi ake.

Tsono inu mukumva fanizoli, dziwani kuti chinthu chilichonse chili ndi malo ake. Mukapatsidwa chinthu pamodzi ndi malangizo, musalandire chinthucho n'kutaya malangizo, ngakhale wokulangizaniyo ndi mkamwini. Ndipo chimene mwamubisira mkazi wanu kuchipinda, mudzachigwetsa nokha pamaso pa mpingo. Pempherani kuti tsiku limenelo iye adzanyamuke kudzachitola.