Mkuyu wa Kuseri kwa Nyumba ya Dafuleni

Mwambi uliwonse, ana inu, uli ndi munthu amene anayamba kuulawa. Uwu wa phula anaulawa ndi Dafuleni, mkamwini wa pamudzi wa Kamphata, munthu wolimbikira ntchito koma waphuma.

Chaka chimenecho boma linalengeza kuti lithandiza anthu akumidzi kuika sola pamadenga: mwini nyumba apereke pang'ono, gawo lalikulu lilipire boma. Dafuleni anali woyamba kulembetsa. Mkazi wake Nachisale anali woyembekezera, ndipo anali atapita kale kuchidikiro kuchipatala pamodzi ndi mkulu wake. Pathupi poyamba panathera m'misozi, mwana anabadwa wakufa. Tsono ulendo uno Dafuleni analumbira kuti khanda lake lidzafikira m'nyumba yowala, osati ya utsi wa koloboyi.

Mlangizi wa boma atabwera kudzaona nyumbayo, anayang'ana malata, nayang'ana kumwamba, n'kupukusa mutu.

"Denga ndi labwino, bambo, koma mkuyu uwu ukutchinga dzuwa. Sola imadya dzuwa. Mthunzi ukakhalapobe, mwayiwu tipereka kwa ena."

Mkuyuwo unali kuseri kwa nyumba, ndipo Dafuleni anali ataona kale zachilendo pamtengopo. Ana sankakweramo ngakhale nkhuyu zitapsa. Amayi sankatolapo nkhuni. Pansi pake pankakhala posesa bwino, koma wosesayo sanamuonepo. M'mphako mwake munali njuchi, koma panalibe wofula uchi.

Wodziwa chifukwa anali pafupi, apongozi ake, mayi a Nachisale. Zoona, mkamwini ndi apongozi aakazi amathawana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Koma akamwini onse amadziwa kutuma munthu. Dafuleni sanatume. Mumtima anati, "Ndikafunsa andikaniza, sola yanga n'kupita." Uchitsiru wake unali pamenepo, ankaopa yankho kuposa tsoka.

Anadikira apongozi atapita kudimba, natenga nkhwangwa dzuwa lili paliwombo. Atangotema koyamba, njuchi zonse zinatuluka m'mphako. Anadzigwetsa pansi kudikira mbola, koma palibe inamuluma. Zinamuzungulira pamutu mosalira n'komwe, zii, kenako zinalowera kumadzulo. Nkhuku zinasiya kupalasa. Koma iye anadzilimbitsa mtima napitiriza kutema.

Dzuwa litapendeka, mkuyu unagwa, ndipo pakugwapo unazuka ndi mizu yomwe. Dafuleni, njala itamugwira, anapisa dzanja m'mphako natulutsa zisa. Analuma, koma uchi munalibe ngakhale kadontho. Linali phula lokhalokha, louma, ndipo linamumatirira m'mano. Akali kutafuna, maso ake anagwera padzenje lomwe mizu inasiya. Munali mapale a mphika ndi kansalu kofuwirira. Kansaluko anakazindikira. Chinali chitenje chimene iye mwini anagulira mwana woyamba uja.

Pamudzi umenewo, mwana wobadwa wakufa, amene amati nthayo, ankamuika amayi okhaokha, m'manda osaya, pansi pa mtengo wamthunzi, amuna osauzidwa malo. Ndipo ankati wotereyo ukamuvundukula, amaitana mng'ono wake kuti adzamufunditse.

Dafuleni anakwirira dzenjelo ndi manja, osauza munthu. Apongozi pobwera kudimba anaima patali, nayang'ana mtengo wakugwa. Anangotula dengu pansi n'kulowa m'nyumba mwawo.

Amisiri anabwera, nakhomera mapanelo a sola padenga, nalumikiza mawaya ndi batire. Babu silinayake. Anasintha babu, koma ayi ndithu. Mmisiri wamkulu anakwera padenga masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo atatsika anafunsa Dafuleni.

"Bambo, mwati mtengo munadula?"

"Suwo uli apowo."

"Nanga mthunziwu ukuchokera kuti?"

Dafuleni anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Kumwamba kunalibe kamtambo. Koma pamalata ponse panali mthunzi wa mkuyu, nthambi ndi masamba omwe, ukugwedezeka pang'onopang'ono popanda mphepo.

Amisiri asanamange n'komwe zida zawo, panjira panatulukira amayi awiri. Patsogolo panali mlamu wa Dafuleni, mkulu wa Nachisale uja, atanyamula kamtolo m'manja. Pambuyo pankabwera Nachisale, akuyenda mokoka miyendo, kumsana kulibe kanthu. Panalibe woimba nthungululu.

Apongozi anatuluka. Chikwatirire Dafuleni pamudzipo, mayiwo anali asanamuyang'anepo kumaso, koma tsiku limenelo anaima patsogolo pake penipeni.

"Akamwini," anatero motsitsa mawu, "wamkulu tinamugoneka pamthunzi. Uyu mwati tikamugoneke pati?"

Dafuleni anayasamula pakamwa kuti ayankhe. Amayi onse anaona phula lija likadali m'mano mwake, pakuti linakana kuchoka ngakhale ndi mswachi. Mlamu wake ndiye analankhula, misozi ili m'masaya: "Mukanangofunsa, alamu. Onani, safunsa wadya phula."

Nachisale sanalowenso m'nyumba imeneyo. Mapanelo anakhala padenga mpaka malata anachita dzimbiri, ndipo babu silinayakepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye chake akuluakulu amati, "Safunsa anadya phula." Sola sinali yolakwa, ndipo kufunira mwana kuwala sikunali kulakwa. Akanafunsa, amayi akanamuuza kuti mapanelo akaike pachigafa cha fodya chimene chinali kutsogolo kwa nyumba, pomwe dzuwa linkawomba tsiku lonse. Ukapeza chinthu chimene eni mudzi onse akuchilambalala, usadzione wochenjera kuposa iwo. Funsa, ngakhale ukuopa kuti akukaniza. Kukanizidwa kumawawa tsiku limodzi, koma Dafuleni anakalamba akulavulabe phula.