Dzanja la Nangondo

Senderani kuno ana inu, wokankha mnzakeyo ayambe waleka. Kale, thupi la munthu silinkachita kanthu lisanapemphe. Phazi likaponda minga linkauza a Msana, a Msana n'kukwera nawo mawuwo kwa a Mutu, a Mutu n'kukhala pansi kuti aimve bwino nkhaniyo. Nthawi yonseyo phazi lili pomwepo, paminga! Komatu a Mutu akati "gwira," dzanja linkagwira ndithu, zivute zitani.

Masiku amenewo kudali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nangondo. Ana ake onse adapita ali makhanda, kupatula kamtsikana kamodzi, Ndaziona. Kakangotsokomola pang'ono, mayiyo mtima unkangoti myuu, ntchito yonse n'kuima.

Tsiku lina amake akuotcha mbiya, Ndaziona adatola phale lamoto. Paja mutu wa mwana ndiye wozengereza zedi. Pofika poti ulamule, kadzanja kadali katasupuka kale.

Nangondo adapsa mtima. "A Mutu inu, mwana azipsa inu mukuzenga mlandu? Ntchito yanu n'chiyani?"

"Pepani mayi," adatero a Mutu, "nkhani imafunika kuimvetsa kaye. Safunsa adadya phula."

"Phulalo mudye nokha! Nanga inu a Msana, si uthenga umayamba kufika kwa inu? Bwanji osangolamula muli pomwepo?"

A Msana adadodoma. "Mayi, ine ndilibe maso. Ndimangomva kuti chalasa, chaotcha, basi. Mukandipatsa mphamvu imeneyi ndizithawitsa dzanja osafunsa chimene lanyamula. Ndipo ndikailandira, sibwereranso."

Nangondo adayang'ana kadzanja ka mwana wake, misozi ili m'maso. "Landirani. Kwa ine, kwa mwanayu, kwa munthu aliyense."

Zidayenda bwino, ana inu, tisaname. Ndaziona akangokhudza khala, kadzanja kankabwerera kokha. Ankakula wopanda chipsera china, ndipo amake adayamba kugona tulo.

Ndiye kudadza dzinja lina la mvula yambiri. Dongo la mbiya lidali tsidya la mtsinje, ndipo Nangondo sadafune kusiya mwana pakhomo yekha. Ulalo wake udali mtengo umodzi, wonyowa, woterera, madzi akukokoma pansi pake. Ali pakatikati, Ndaziona adaterereka. Amake adadzigwetsa chafufumimba pamtengopo n'kumugwira pamkono, mwana ali lende pamwamba pa madzi.

"Amayi, musandisiye!"

"Sindikusiya mwanangu. Kweza mwendo, ponda apa."

A Mutu tsiku limenelo sadazengereze ayi. Adali kukuwa, "Gwira! Gwira!" ndipo dzanja lidagwiradi, mwana n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono. Koma kunsi kwa mtengowo kudali chisa cha mavu, ndipo chidagwedezeka. Mavu adamuluma Nangondo kuseri kwa dzanja. Uthenga udafika kwa a Msana, a Msana osafunsa munthu, dzanja n'kungotambasuka lokha.

Ululu wa mavuwo Nangondo adaumva mwana atamira kale.

Kalanga ine, mayi uja adalira! Adathamanga m'mbali mwa mtsinje mpaka mawu kusasa, koma Ndaziona sadaoneke. Adadzimenya kumsana ndi zibakera. "Bwezani mphamvu ija! Ndani adakuuzani kuti ndikuopa mavu ine? Akadandiluma mpaka dzanja kutupa, ine ndili gwa!"

"Ndimati ndikupulumutseni, mayi," adayankha a Msana motsitsa mawu. "Sindidadziwe kuti mwagwira mwana."

Madzi akatayika saoleka.

Ndi chifukwa chake lero ukakhudza chamoto, dzanja limathawa lokha, ululu n'kubwera pambuyo, mutu n'kumva zitatha kale. Kuyenda, kuvina, kutola kanthu, zimenezo amalamulabe a Mutu, koma zadzidzidzi zili m'manja mwa a Msana. Tayang'anani zala zanuzo, zonse zilipo, si choncho? Mwazisunga chifukwa cha Nangondo. Amayi a m'mudzimo ankabwera pakhomo pake atabereka ana awo, kudzathokoza kuti ana sakupsanso. Iye ankawalandira, kuwayalira mphasa, n'kukhala pambali atabisa dzanja lija m'nsalu.